Magetsi a m'galimoto yogonamo: batire, tchaja ndi sola

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

MUULUTSI: Lero tikamba za magalimoto ogonamo, amene kunja amawatcha motorhome kapena campervan, makamaka za magetsi ake.

Inu a m'mbali mwa nyanja, ku Cape Maclear, Senga Bay, Nkhata Bay kapena Chitimba, magalimotowa mumawaona. Amabwera ndi alendo, manambala ake a ku South Africa kapena ku Germany, padenga pali mapanelo a sola, mkati muli bedi, filiji ndi kasinki kotsukira mbale. Ku Ulaya ambiri amamangidwa pa Fiat Ducato kapena Mercedes Sprinter. Kuno kumwera kwa Africa timaona kwambiri Toyota Land Cruiser kapena Hilux yosenza kanyumba kumbuyo. Zaka zino eni magalimotowa ali kalikiliki kuchotsa mabatire akale n'kuika atsopano a lithium, ndipo ambiri ndalama zawo zikulowa m'madzi chifukwa akusintha batire lokha, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Nkhaniyi ikukhudza amakaniko athu ndi abale amene ali ku Joni kapena ku Britain. Koma nanunso amene muli ndi kasola pakhomo musasunthe, chifukwa magetsi a mavolti 12 malamulo ake ndi amodzi, kaya ali m'galimoto kaya ali m'nyumba yofolera udzu.

Galimoto yogonamo imakhala ndi mabatire amitundu iwiri. Loyamba ndi lolizira injini. Ntchito yake ndi kutulutsa mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, injini ikalira basi lapumula. Lachiwiri ndi la m'nyumba, loyatsa filiji, magetsi, pampu ya madzi ndi kutchaja mafoni usiku wonse injini ili chete. Ili limapangidwa kuti lizitha pang'onopang'ono n'kudzazidwanso. Mukatenga batire lolizira injini n'kulipatsa ntchito ya m'nyumba, silikhalitsa, ndipo ambiri amene munayesapo batire la galimoto pa sola ya pakhomo mukudziwa zimene ndikunena.

Kwa zaka zambiri batire la m'nyumbali linali la mtovu ndi asidi. Luso limeneli ndi lakale, analitulukira ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. Mkati muli timagawo 6, kalikonse kopereka mavolti 2 ndi pang'ono. Likadzaza n'kupumula limaonetsa mavolti 12.6 kapena 12.7. Likatsika kufika pa 12.1, dziwani kuti theka lapita, ndipo pamenepo ndi pofunika kuima. Mphamvu yosungidwa m'batire amaiyeza mu Ah, ndipo batire la mtovu lolembedwa 100Ah, mphamvu imene mungagwiritse ntchito osalipweteka ndi 50 yokha. Mukamalikama mpaka kutheratu, kapena mukalisiya masiku ambiri lili lopanda kanthu, pa mapuleti ake pamamera timibulu tolimba timene sitisungunukanso, ndipo malo osungira mphamvu amachepa. Ndiye mumaona batire lodzaza msanga masana koma pofika 9 koloko usiku lathima.

Batire latsopanoli pa chikwama chake amalemba LiFePO4, ena amangoti LFP. Mankhwala ake anawazindikira ndi gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi John Goodenough ku University of Texas mu 1996. Mkuluyu anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha ntchito yake pa mabatire a lithium, ali ndi zaka 97. Mkati mwa batireli muli timagawo 4, kalikonse mavolti 3.2, pamodzi 12.8. Pa 100Ah mukhoza kugwiritsa ntchito 80 kapena 90 popanda vuto. La mtovu mumalidzaza ndi kulitsitsa maulendo mazana angapo n'kutha ntchito, pamene la LFP losamalidwa bwino limapitirira maulendo 2,000. Silichedwa kudzaza, ndiponso siliyaka moto wamba ngati mitundu ina ya lithium imene ili m'mafoni ndi m'malaputopu. Ndipo musaganize kuti mabatire a lithium ndi a alendo okha. Pa malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti m'boma la Dedza, amene anayamba ntchito mu 2022, pali mabatire a lithium osungira mphamvu ya masana.

Palinso nkhani ya kulemera, imene ku Britain ndi yaikulu. Munthu amene anatenga laisensi wamba kumeneko kuyambira pa 1 January 1997 saloledwa kuyendetsa galimoto ya petulo kapena dizilo yopitirira makilogalamu 3,500, ndipo magalimoto ogonamo ambiri amakhala atayandikira kale malirewo asanapakire madzi, chakudya ndi anthu. Batire la mtovu la 100Ah limalemera makilogalamu 25 mpaka 30. La lithium la kukula komweko ndi 12 kapena 13. Munthu wochotsa a mtovu awiri n'kuika la lithium limodzi wapeza malo a madzi akumwa a masiku angapo.

Nanga vuto lili pati? Tikambirana tikabwerako.

(NYIMBO)

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya zaumisiri, ndipo tili pa nkhani ya magetsi a m'galimoto yogonamo.

Batire ndi nkhokwe chabe. Kukulitsa nkhokwe sikuchulukitsa chimanga. Ngati munda ndi womwewo ndipo odya pakhomo ndi omwewo, nkhokwe yaikulu idzangokhala yopanda kanthu. Choncho musanapite kusitolo, tengani kope ndi cholembera muwerengere mphamvu imene mumagwiritsa ntchito pa tsiku ndi imene mumalowetsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, titenge banja la anthu awiri. Filiji yaing'ono ya mavolti 12 imadya 40Ah pa tsiku, kukatentha imaposa. Mababu a LED anayi, kwa maola anayi, ndi 4Ah basi. Mafoni awiri ndi laputopu tiike 10. Fani yozungulira usiku wonse 10. Pampu ya madzi ndi tina ndi tina 5. Zonse pamodzi zikuyandikira 70Ah. Batire la mtovu la 100Ah, lija lopereka 50, silifika nazo m'mawa. La lithium la 100Ah likwanitsa tsiku limodzi, koma m'mawa mwake 70 ija iyenera kubwezedwa. Ichokera kuti?

Njira zilipo zitatu: injini, magetsi a pa malo ogonapo alendo, ndi dzuwa.

Ya injini ndi imene anthu ambiri akupsa nayo. Kale ankangoika kaswitchi kodzitsegula kokha kolumikiza batire la injini ndi la m'nyumba injini ikalira, ndipo alternator, imene imapanga magetsi injini ikamalira, inkadzaza onse awiri. Pa mabatire a mtovu zinkayenda, chifukwa batire la mtovu limadziletsa lokha, likamadzaza limalandira pang'ono. La lithium silikana. Likakhala lopanda kanthu limakoka mphamvu yonse imene alternator ingapereke, kwa nthawi yaitali. Tsono taganizirani galimoto itaima, injini ikungolira pansipansi, alternator ikuzungulira pang'onopang'ono ndipo fani yake siikuiziziritsa mokwanira, koma katundu ali pamutu pake ndi wodzaza. Imatentha mpaka kununkha, kenako kupsa. Munthu wagula batire lodula, wawonjezanso kugula alternator, mwina ali pakati pa chipululu ku Namibia.

Magalimoto atsopano a ku Ulaya, makamaka otsatira malamulo a utsi a Euro 6, ali ndi vuto lina. Alternator yake imalamulidwa ndi kompyuta pofuna kupulumutsa mafuta. Batire la injini likadzaza, kompyuta imatsitsa mavolti, ndipo batire la m'nyumba limatsala osadzaza ngakhale mutayenda tsiku lonse.

Mankhwala a mavuto awiriwa ndi kachipangizo kotchedwa DC-DC charger, kamene kamakhala pakati pa mabatire awiriwa. Kamatenga mphamvu yoyezedwa, tinene ma amp 30, osapitirira, n'kuikweza kufika pa mavolti oyenera lithium, cha m'ma 14.2 mpaka 14.6. Amapanga makampani monga Victron Energy ya ku Netherlands ndi Redarc ya ku Australia. Ndi ka ma amp 30, maola awiri pamsewu akubwezerani 60Ah. Kwa ine, munthu amene akuika lithium m'galimoto koma alibe ndalama ya kachipangizoka, ndi bwino adikire kaye.

Njira yachiwiri sititayapo nthawi. Malo ambiri ogonapo alendo ku Ulaya ndi ku South Africa ali ndi soketi za mavolti 230 za pulagi yabuluu, ndipo galimoto imakhala ndi tchaja yake mkati. Chofunika n'kuona ngati tchajayo ili ndi malo osankhira lithium. Matchaja ena akale a mabatire a mtovu nthawi zina amakweza mavolti kupitirira 15 pofuna kutsuka mapuleti, ndipo zimenezi lithium sagwirizana nazo. Ndinenenso pano kuti ngati inu mumagona pa malo a soketi usiku uliwonse, lithium simukuifuna. Batire labwino la mtovu, la mtundu wa AGM, likukwanirani, ndalama yotsalayo mugulire mafuta.

Tifike ku dzuwa. Panelo yoyamba ya silicon yogwira ntchito inapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1954, ndipo inkasandutsa magetsi magawo 6 okha pa 100 alionse a kuwala. Za lero zimafika 20 ndi kuposa pang'ono. Nambala imeneyi isungeni, ikuthandizani pamsika. Dzuwa likakhala paliwombo kopanda mitambo, limagwetsa ma watt pafupifupi 1,000 pa malo a mita imodzi mbali zonse. Magawo 20 pa 100 ndi ma watt 200. Choncho panelo ya mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi ndi ya ma watt 100 kapena kuposa pang'ono. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi ya 300, ngakhale pakhale sitika yonyezimira, pitani ndi tepi yoyezera. N'chimodzimodzi batire la mtovu lolembedwa 200Ah limene mnyamata akulinyamula ndi dzanja limodzi. Mtovu ndi wolemera, ndipo batire lopepuka mulibe mtovu wokwanira.

Nambala yolembedwa kumbuyo kwa panelo anaiyeza panelo ili pa madigiri 25. Padenga la galimoto mu October imatentha kupitirira 60, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imachotsako mphamvu pang'ono. Onjezani fumbi la m'misewu yathu, ndiponso kuti padenga la galimoto panelo imagona chagada, siyang'ana dzuwa bwino m'mawa ndi madzulo. Ndiye powerengera musanyengedwe. Mapanelo a ma watt 200, kuno kumene dzuwa lamphamvu limakwana maola asanu pa tsiku, papepala 200 kuchulukitsa kasanu ndi 1,000, koma zenizeni zolowa m'batire ndi cha m'ma 750, kutanthauza 55Ah kapena 60Ah. Banja lathu lija la 70Ah likupereweredwabe pang'ono. Mapanelo omwewo ku Britain mu December, dzuwa lili pansi ndiponso usana uli waufupi, sangayendetse ngakhale filiji yokha. Kumeneko nyengo yozizira munthu amadalira injini ndi soketi.

Mthunzi ndi mdani wamkulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Timagawo ta m'panelo timalumikizidwa mondondozana, kotero tsamba limodzi la mtengo, chitosi cha mbalame, kapena mthunzi wa kachitseko ka mpweya padenga, zimatsitsa mphamvu ya mzere wonse. Apa mlendo amagwira njakata. Akafika ku Liwonde kapena ku Mangochi dzuwa likuswa mtengo, mtima umafuna kuimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, koma mapanelo akufuna padzuwa. Ambiri amanyamula panelo yopinda yokhala ndi waya wautali, galimoto pamthunzi, panelo pabwalo, n'kumaitembenuza kutsata dzuwa.

Pakati pa panelo ndi batire pamakhala controller. Yotchipa ndi ya PWM, imene imakokera mavolti a panelo pansi kuti afanane ndi a batire, otsalawo n'kutayika. Ya MPPT imasandutsa mavolti otsalawo kukhala ma amp owonjezera. Padenga la galimoto malo ndi ochepa, simungawonjezere mapanelo mmene mufunira, ndiye MPPT ndi yoyenera mtengo wake. Polumikiza, yambani batire, panelo pambuyo, ndipo pochotsa muyambe panelo.

(NYIMBO YAIFUPI)

MUULUTSI: Gawo lotsalali ndi limene ndikupempha kuti mulimvetsere bwino, chifukwa likukhudza moyo wa anthu ogona m'galimotomo.

Anthu amapeputsa mavolti 12 poti sagwira munthu. Zoona sagwira, koma amayatsa moto. Taonani ketulo ya magetsi ya ma watt 2,000. Pa soketi ya m'nyumba ya mavolti 230 imakoka ma amp osakwana 9. Ketulo yomweyo mukaiyatsa kudzera pa inveta, kachipangizo kosandutsa mavolti 12 kukhala 230, ku mbali ya batire ikukoka ma amp pafupifupi 180. Mphamvu yotere imafuna waya wa sayizi 50 kapena kuposa, pamene waya wa masoketi a m'nyumba ndi 2.5. Mukaika waya wochepa, poyamba umangofunda, kenako pulasitiki yake imafewa n'kuyamba kudontha, mkuwa kufiira psuu, ndipo zonsezi zikuchitika pansi pa bedi, pafupi ndi matabwa, matiresi ndi silinda ya gasi.

Malo ena oopsa ndi polumikizira. Tsegulani bokosi la batire la galimoto imene yayenda misewu ya mabampu, muyang'ane pamutu pa batire. Mukapeza nati yogwedera, pulasitiki yozungulira itada bii ndi kukwinyika, mkuwa utasintha mtundu, dziwani kuti pamenepo pakhala pakutentha kwa nthawi yaitali. Galimoto imagwedezeka tsiku lonse, ndipo waya wongopotokola ndi manja kapena wokhomera ndi msomali umamasuka. Kumapeto kwa waya aliyense wamkulu kukhale kachitsulo kake kopanidwa ndi chopanira chenicheni, nati imangidwe zolimba, ndipo pamene waya akudutsa pa chitsulo cha galimoto pakhale labala, kuti m'mphepete mwa chitsulo musamudule pang'onopang'ono.

Fyuzi ikhale pa waya aliyense wochoka ku positive ya batire, pafupi kwenikweni ndi batirelo, ngati n'kotheka osapitirira masentimita 20. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya, choncho kukula kwake kutsate kukula kwa wayayo. Ikapsa, funani chimene chaipsereza. Chizolowezi chomanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi chatenthetsa magalimoto ndi nyumba zomwe. Ndipo inu achimwene amene mukugwira ntchitoyi, vulani wotchi ndi mphete, chotsani negative poyamba, sipanala musaigoneke pamwamba pa batire. Ikakhudza mitu yonse iwiri imatentha nthawi yomweyo mpaka kusungunuka pokhudzapo.

Batire la lithium lili ndi kakompyuta mkati kotchedwa BMS, kamene kamadula magetsi likadzaza kwambiri, likatsika kwambiri kapena likakokedwa mopitirira. Funsani malire ake musanagule, chifukwa ambiri a 100Ah amalola ma amp 100 okha, ndiye ketulo ija idzangolithimitsa. Funsaninso ngati BMS yake imaletsa kutchaja kukazizira. LFP siyenera kutchajidwa kuzizira kukafika pansi pa madigiri 0, imawonongeka mkati osabwereranso. Ku Britain nyengo yozizira, kumapiri a ku Lesotho kapena ku Sutherland m'chigawo cha Karoo, zimenezi zimachitika m'mawa dzuwa likangogunda panelo batire likadali zii. Kutentha nakonso kumalikalambitsa msanga, choncho malo ake si pafupi ndi injini koma mkati mwa kanyumba. La mtovu lotsegula pamwamba, lothira madzi lija, limatulutsa mpweya wa hydrogen potchaja, umene umaphulika ukakumana ndi moto, ndiye bokosi lake likhale ndi potulukira mpweya kunja. Musalumikize la mtovu ndi la lithium pamodzi mwachindunji, ngakhalenso lakale ndi latsopano.

Kachipangizo kena kamene ndimalimbikitsa ndi shunt, koikidwa pa negative, kowerenga mphamvu iliyonse yolowa ndi yotuluka. Pa batire la mtovu mavolti amakuuzani zambiri. Pa lithium amakhala cha m'ma 13 kuyambira pafupi kudzaza mpaka pafupi kutha, kenako n'kugwa mwadzidzidzi, kotero mita ya mavolti ikhoza kukunamizani mpaka filiji itazima pakati pa usiku. Ndingakonde munthu ayambe wagula shunt, ayende nayo ndi batire lake lakale, aone manambala enieni a banja lake. Akatero akonze mawaya ndi mafyuzi, aike tchaja zoyenera, batire ligulidwe pomaliza. Ena akadzaona manambalawo adzapeza kuti chimene chimawavuta ndi filiji yakale kapena panelo yafumbi.

Tsono batire lakale mwachotsalo musalitaye kudzala, ndipo musaliphwanye pakhomo kuti mutenge mtovu wa mkati. Asidi wake amawotcha khungu ndi maso, ndipo fumbi ndi utsi wa mtovu zimawononga ubongo wa ana, kuwonongeka kosachizika. Mtovu umasungunulidwa n'kupangira mabatire ena m'mafakitale okonzedwera ntchitoyo. Libwezeni kwa ogulitsa mabatire lili lathunthu, litaimirira, zotsekera zake zili pomwepo, ndipo podikira tsikulo likhale kumene ana safikako.



(NYIMBO YOTSEKERA)